Tinabweza ndalama za boma ngakhale panalibe amene anaba

Kalata ija inali ya masamba awiri okha, koma ndinaiwerenga mobwerezabwereza masiku atatu ndisanauze munthu. Inkanena kuti pa ndalama zonse zimene boma linapatsa bungwe lathu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu lakanidwa ndipo tiyenera kulibweza. Mawu oti kuba munalibe m'kalatamo. Munali mawu ena amene ndinadzawamvetsa mochedwa: ndalama zopanda umboni, ndalama zogwiritsidwa ntchito kunja kwa bajeti, malipiro amene sanavomerezedwe ndi munthu woyenera. Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti alipo ambiri amene akuyendetsa mabungwe ang'onoang'ono monga mmene ndinkayendetsera ine, ndi mtima wabwino ndi kukhulupirirana, ndipo akuganiza kuti zimenezo n'zokwanira.

Bungwe lathu linali ndi antchito 6 ndi anthu angapo ongodzipereka. Ine ndinali mkulu woyendetsa ntchito. Kwa zaka zambiri tinkadalira zopereka za anthu akufuna kwabwino, amene ankakhutira ndi lipoti la tsamba limodzi ndi zithunzi zingapo. Thandizo la boma litabwera, la miyezi 18, lotuluka m'zigawo, tinasangalala kwambiri. Pangano lake linali lokhuthala ndithu. Ndinawerenga tsamba la ndalama, tsamba la ntchito zimene tinalonjeza, ndi malo osainira. Masamba a kumapeto, onena za kasungidwe ka mabuku, kagulidwe ka katundu ndi zinthu zosaloledwa kulipira, ndinawatenga ngati zolemba za maloya zimene sizikhudza munthu woona mtima. Kulakwa kwanga kunayambira pomwepo.

Mabuku athu ankasunga ndi mayi wina amene tinayamba naye bungweli. Munthu wodekha, wosamala, woti ngakhale kandalama kakang'ono katatsala amabweza. Chifukwa chomukhulupirira, tinamusenzetsa zonse. Iye ndiye ankalemba macheke, kupita ku banki, kulipira ogulitsa katundu, kusunga ndalama zapamanja za mu ofesi, kulemba zonse m'kompyuta, kusunga malisiti, ndipo kumapeto kwa mwezi iye yemweyo ankafananiza mabuku ake ndi sitetimenti ya ku banki. Cheke chilichonse chinkafuna masiginecha awiri, yanga ndi ya msungichuma wa bodi, ndipo tikafunsidwa tinkanena monyadira kuti kwathu munthu mmodzi sangatulutse ndalama. Koma zoona zake zinali zina. Ine ndikamapita kumadera kumene tinkagwira ntchito ndinkasiya nditasainiratu macheke opanda kanthu. A msungichuma, poti anali otanganidwa ndi ntchito yawo, ankasainira macheke khumi nthawi imodzi akabwera. Masiginecha anali awiri papepala, koma maso oona kumene ndalama ikupita panalibe ngakhale amodzi.

Chimene chinatigwetsa kwambiri ndi kubwereka. Ndalama zonse, za boma ndi za opereka ena, zinkalowa mu akaunti imodzi. Mwezi wina wopereka wina anachedwa kutumiza gawo lake, malipiro a antchito awiri ndi lendi ya ofesi zitakwana. Mu akaunti munali ndalama, koma zinali za boma, zoikidwiratu ntchito ina. Ndinauza mayi aja kuti alipire, tidzabweza ndalama zina zikalowa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bwana, izi ndi za polojekiti, kodi sitingawalembere kaye eni ake?" Ndinayankha kuti anthu ali ndi mabanja, sitingawasiye ndi njala kudikira kalata. Tinalipira. Mwezi wotsatira ndalama zija zinalowa ndipo tinabwezadi. Poona kuti palibe chimene chachitika, tinachitanso kachiwiri, kenako kachitatu. Kachitatuko wopereka uja anatumiza zochepa kuposa zimene analonjeza, ndipo dzenje linatsala. Kuyambira pamenepo palibe amene akanatha kunena motsimikiza kuti pa ndalama zili mu akaunti, za boma ndi zingati.

Panalinso zina zimene panthawiyo zinkaoneka zazing'ono. Antchito opita kumudzi kukachititsa maphunziro ankatenga ndalama zoyendera ndi zolipira otenga nawo mbali, ndipo malisiti ankabweretsa nthawi imene akumbukira. Wina ankatenga za ulendo wachiwiri asanafotokoze za woyamba. Mindandanda yosainira anthu obwera ku maphunziro ina inasowa, ina inalibe deti. Malisiti a mafuta a galimoto, aja osindikizidwa pa kapepala kosalala, tinawaika mu envelopu, ndipo patapita miyezi ingapo zolemba zonse zinali zitafufutika, kutsala pepala loyera. Tinagula makompyuta awiri ndi pulinta kwa munthu amene tinkamudziwa, mlamu wake wa mmodzi wa a bodi, popanda kufunsa mitengo kwina. Mtengo wake sunali woipa, koma tinalibe pepala losonyeza zimenezo, ndipo ubale uja sunalembedwe paliponse. Ndiponso pamene ndalama za maulendo zinatha, ndinaimbira foni mkulu wina wa ku ofesi imene inatipatsa thandizo kupempha kuti titengeko pa gawo la zosindikiza. Anavomera pakamwa. Sindinalembe kalata yotsimikizira. Pamene nkhaniyi inkadzafunsidwa, iye anali atasamutsidwa, ndipo amene analowa m'malo mwake anati m'faelo mulibe chilolezo chotere.

Ofufuza mabuku anabwera awiri ndipo anakhala masiku anayi. Ndinkayembekezera kuti afunsa za ntchito imene tinagwira, ndipo ndinali nditakonza zithunzi ndi maumboni a anthu amene tinawathandiza. Anaziyang'ana mwaulemu n'kuziika pambali. Anatenga sitetimenti ya ku banki, n'kusankhamo malipiro 40, ndipo pa aliwonse ankafunsa mafunso omwewo. Anapempha ndani kuti chinthuchi chigulidwe? Anavomereza ndani, tsiku liti? Chili pa mzere uti wa bajeti? Makotesheni ali kuti? Invoisi ili kuti? Analandira katunduyu ndani, ndipo anasaina pati? Umboni woti ndalama inafika kwa wogulitsa ndi uti? Atamaliza anatembenuza njira: anatenga mavocha (mapepala amene timalemba pa malipiro aliwonse) m'faelo n'kumafufuza ngati alidi pa sitetimenti, kenako anapempha kuona makompyuta aja ndi maso, n'kuwerenga manambala a pansi pake.

Tsiku lachitatu ndinatopa, ndipo ndinauza wamkulu wa iwo kuti, "Achimwene, maphunzirowa anachitikadi, anthu mukhoza kukawafunsa." Anandiyankha mofatsa kuti iye sakukayikira kuti anachitika, koma ntchito yake ndi kuona zimene mapepala akunena, chifukwa ndalamazi ndi za anthu okhoma msonkho, ndipo ofesi imene inatipatsa nayonso ili ndi oifufuza amene sadzabwera kudzationa nkhope. Apa m'pamene ndinamvetsa kusiyana kwa ndalama za boma ndi mphatso ya munthu. Munthu akakupatsa zake, akhoza kukhutira ndi mawu ako. Wogwira ntchito m'boma sangakhutire m'malo mwa anthu onse, ayenera kukhala ndi choonetsa.

Chimene chimandipweteka mpaka lero si ndalama zimene tinabweza ayi. Ndi msonkhano wa bodi umene unachitika kalata ija itabwera. Palibe amene anatchula dzina, koma maso onse anatembenukira kwa mayi osunga mabuku aja. Wina anafunsa kuti kodi nyumba imene ankamanga anaiyamba liti. Wina anati mwina tiitane apolisi kuti nkhani iyere. Mayiwo anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Bwana, ndinakuuzani kawiri konse za kubwereka kuja. Macheke opanda kanthu sindinawapemphe ndine. Koma lero ndilibe chondiikira umboni, chifukwa zonse zinkadutsa m'manja mwanga ndekha." Ananena zoona. Tinkaganiza kuti pomupatsa zonse tikumulemekeza, koma tinamusiya pambalambanda. Munthu amene amalemba cheke, kulipira, kulemba m'buku n'kudzifufuza yekha, ngati ataba palibe angamugwire, ndipo ngati sanabe palibenso angamuyeretse. Zinatenga miyezi iwiri, munthu wina wakunja akulondola ndalama iliyonse, kuti zidziwike kuti mayiwo sanatenge kalikonse. M'miyezi iwiriyo anaonda, anasiya kudya nafe masana, ndipo ankabwera ku ntchito ngati munthu wodikira chigamulo. Ndinaimirira pamaso pa bodi n'kuvomera kuti malamulo onse olakwika anachokera kwa ine, koma zinali zitachedwa kale kumuteteza ku manyazi aja.

Nditayamba kuwerenga za nkhanizi ndinakumana ndi kafukufuku wa Donald Cressey, katswiri wa ku America wa zaupandu, amene anacheza ndi akaidi omangidwa chifukwa chodya ndalama zimene anawasungitsa, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1953. Anapeza kuti anthuwa sanayambe ntchito ndi mtima wakuba. Panakumana zinthu zitatu: vuto la ndalama limene munthu akuona kuti sangauze wina, mpata wotenga osaoneka, ndi mawu odzilungamitsa nawo mumtima. Ambiri ankadziuza kuti akungobwereka. Nditawerenga mawu amenewo ndinazizidwa, chifukwa ndi mawu omwewo amene ndinkagwiritsa ntchito. Ine sindinaike ndalama m'thumba mwanga, koma njira imene ndinatsegula ndi yomweyo imene wakuba amadutsamo. Mavuto a munthu simungawadziwe onse, ndipo zimene amadziuza mumtima simungazimve. Chimene bungwe lingathe kutseka ndi mpata.

Palinso ndondomeko yodziwika padziko lonse yotetezera chuma ndi ntchito za mabungwe, yolembedwa ndi bungwe la ku America lotchedwa COSO, imene inatuluka mu 1992 n'kukonzedwanso mu 2013. Ili ndi mbali 5, ndipo yoyamba penipeni sikamba za mapepala kapena zidindo. Imakamba za khalidwe la atsogoleri, ngati iwo eni amatsatira malamulo amene amaikira ena. Zinazo ndi kuunika kumene kungabwere chiopsezo, njira zenizeni zotetezera, kayendedwe ka uthenga, ndi kuonanso ngati njirazo zikugwira. Ndondomekoyi imavomereza poyera kuti palibe njira yotseka zonse, ndipo chimodzi mwa zofooka zake ndi mtsogoleri wolumpha malamulo. M'bungwe la anthu 6, mtsogoleri ameneyo ndi munthu mmodzi, ndipo kwathu ndinali ine.

Funso limene ndimafunsidwa kawirikawiri ndi lakuti, tingagawe bwanji ntchito za ndalama pamene tilipo ochepa? Nanenso ndinkaganiza kuti zimenezi ndi za mabungwe okhala ndi dipatimenti yonse ya zachuma. Koma sizifuna anthu ambiri. Chofunika n'chakuti wovomereza, wogwira ndalama, ndi wolemba m'mabuku asakhale munthu mmodzi, ndiponso pakhale wina wosakhudza ndalama woti aziona zimene atatuwa achita. Kwathu zinakhala chonchi: wofuna chinthu amalemba pempho, ine ndimavomereza nditaona bajeti, mayi aja amakonza malipiro ndi kulemba m'mabuku, mlembi wa mu ofesi ndiye amalandira katundu n'kusaina kuti wafika, ndipo a msungichuma amaona zonse kamodzi pamwezi. Sitinalembe munthu watsopano. Tinangogwiritsa ntchito anthu amene analipo kale, kuphatikizapo a bodi amene kale ankangobwera kudzamva lipoti.

Chinthu choyamba chimene tinachita chinali kutsegula akaunti yapadera ya thandizo la boma. Mapangano ena amalamula zimenezi, ena salamula, koma ine ndimalangiza aliyense kutero. Ndalama zikakhala pazokha, sitetimenti imangodziwerengera yokha, ndipo kubwereka kumafuna kuti anthu awiri asainire poyera kusamutsa ndalama, chinthu chimene chimakupatsa nthawi yochita manyazi usanachite. Macheke opanda kanthu tinawaletseratu. Titasamukira kolipira kudzera pa intaneti, tinakonza ndi banki kuti mmodzi azilowetsa malipiro, wina azivomereza, aliyense ndi pasiwedi yake ndi foni yake. Apa pakufunika kusamala, chifukwa kupatsa mnzako pasiwedi yako kuti akuvomerezere uli paulendo ndi cheke chopanda kanthu chomwe chija, changosintha maonekedwe. Wogulitsa akatumiza uthenga woti wasintha nambala ya akaunti, sitilipira mpaka titamuimbira pa nambala ya foni imene tinali nayo kale, osati imene ili mu uthengawo.

Pa zonse zimene tinasintha, chimene ndimachiona cholemera kwambiri ndi chosavuta: sitetimenti ya ku banki imapita mwachindunji kwa a msungichuma, kuchokera ku banki, isanadutse m'manja mwa aliyense wa ife a mu ofesi. Mayi aja amakonza pepala lofananiza mabuku ndi sitetimenti, kusonyeza macheke amene sanatuluke ndi ndalama zimene banki yadula, ndipo a msungichuma amaliyerekeza ndi sitetimenti yawo, kusankha malipiro asanu kapena asanu ndi limodzi mwachisawawa, kupempha mapepala ake, n'kusaina ndi kulemba deti. Zimatenga ola limodzi, pena awiri. Miyezi yoyamba ankapeza tolakwika tambiri: invoisi yolipidwa kawiri, ndalama yolembedwa pa mzere wolakwika, lisiti losagwirizana ndi vocha. Palibe chimene chinali kuba. Koma zonsezi zikanakhala mpaka ofufuza atabwera, zikanasanduka mlandu, pamene zikapezeka mwezi womwewo umangoimbira wogulitsa n'kukonza.

Pa ndalama zapamanja za mu ofesi tinaika mulingo wosasintha. Nthawi iliyonse, ndalama zili m'bokosi ukaphatikiza ndi malisiti ziyenera kukwana mulingowo, ndipo timawonjezera zokhazo zimene malisiti akusonyeza. Nthawi zina a msungichuma kapena ine timawerenga bokosilo mosachenjeza, wosungayo ali pomwepo. Wotenga ndalama za ulendo amabweretsa malisiti ndi zotsala pasanathe masiku 7 atabwerako, ndipo sapatsidwa zina asanamalize zoyambazo. Malisiti ofufutika aja timawajambula pa foni tsiku lomwelo n'kuwachita fotokope, kenako kumata lenileni pambali pa kope lake. Invoisi ikalipidwa timaidinda chidindo cholembedwa kuti yalipidwa, kuti isadzabwerenso. Katundu aliyense wokhalitsa wogulidwa ndi thandizo ali m'kaundula, ndi nambala yake, tsiku logulira, ndi dzina la amene akumugwiritsa ntchito.

Nkhani ya malipiro a antchito ikufunika kuikamba payokha, chifukwa ndi imene imadya gawo lalikulu la bajeti, komanso ndi imene mabungwe ang'ono amaiwala. Munthu mmodzi amagwira ntchito za mapolojekiti awiri kapena atatu. Ngati boma likulipira theka la malipiro ake, payenera kukhala pepala losonyeza kuti theka la nthawi yake linapitadi ku ntchitoyo. Ife tinalibe. Tsopano aliyense amalemba mlungu uliwonse masiku amene wathera pa polojekiti iliyonse, ndipo womuyang'anira amasaina. Kulemba mapepalawa kumapeto kwa chaka, onse tsiku limodzi ndi cholembera chimodzi, ofufuza amakuzindikira msanga, ndipo kumaoneka koipa kuposa kusakhala nawo. Msonkho ndi zina zodulidwa pa malipiro tiyenera kuzipereka kumene zikuyenera pa nthawi yake. Kuzisunga kuti zithandize kwina ndi kubwereka komwe kuja, ndipo zilango za kuchedwa nthawi zambiri thandizo silivomera kuzilipira.

Ineyo ndinachotsedwa mphamvu yovomereza ndalama zanga. Zoyendera zanga ndi chilichonse chobwezeredwa kwa ine amavomereza ndi wapampando wa bodi. Chaka chilichonse tonse, antchito ndi a bodi, timalemba ngati tili ndi ubale kapena phindu mwa aliyense amene bungwe limagulako zinthu, ndipo wokhudzidwayo amatuluka panja pamene nkhaniyo ikukambidwa. Kugula kwa wachibale si mlandu pakokha. Mlandu ndi kubisa, kapena kulephera kusonyeza kuti mtengo wake unapikisana ndi ena.

Ndipo chilichonse chimene tagwirizana pa foni ndi ofesi yopereka thandizo, ndimachilemba tsiku lomwelo pa imelo, kupempha kuti ayankhe movomereza, ndipo sindisuntha ndalama yankho lisanabwere. Ndimasindikiza yankholo n'kuliika m'faelo. Anthu m'maofesi amasamutsidwa, amapuma ntchito, amaiwala. Pangano lililonse tsopano ndimaliwerenga lonse pamodzi ndi mayi aja ndi a msungichuma tisanasaine, tikulemba pa tsamba limodzi zinthu zofunika: tsiku loyamba ndi lomaliza lololedwa kugwiritsa ntchito ndalama, zinthu zoletsedwa, malire osamutsira ndalama pakati pa mizere ya bajeti, mlingo umene umafuna makotesheni, masiku otumizira malipoti, zoyenera kuchita ndi chiwongola dzanja cha ku banki ndi ndalama zotsala, ndi zaka zimene tiyenera kusunga mapepala polojekiti itatha. Tsambalo limamatidwa pakhoma.

Ndisanamizire kuti zonsezi zinalandiridwa ndi manja awiri. Antchito a kumudzi anadandaula kuti tikuwatenga ngati akuba. Mmodzi, amene anagwira nafe zaka zambiri, anandiuza maso ndi maso kuti, "Bwana, kale tinali banja, lero tasanduka ofesi." Mawuwo anandilasa. Ndinamufotokozera zimene zinachitikira mayi aja, ndipo ndinamufunsa kuti zikanakhala kuti maso a bodi anatembenukira kwa iye chifukwa cha mindandanda yosowa ija, akanadziteteza ndi chiyani. Sanayankhe tsiku limenelo, koma ulendo wotsatira anabwera ndi envelopu yokonzedwa bwino kuposa ya wina aliyense. Komanso ifeyo tinapitirira muyeso poyamba. Chifukwa cha mantha tinalamula makotesheni atatu pa chilichonse, mpaka munthu ankathera tsiku lonse kufunafuna mapepala a zinthu zosafika ngakhale pa mtengo wa ulendo wakewo. Lamulo lotere anthu amayamba kulizemba, ndipo akazolowera kuzemba limodzi amazembanso ena ofunika. Tinalifewetsa: zing'onozing'ono lisiti ndi lokwanira, zapakati mitengo iwiri, zazikulu makotesheni atatu olembedwa ndi chifukwa chimene tasankhira amene tasankhayo, bola tisatsike pansi pa zimene pangano likufuna. Buku lathu la malamulo a ndalama lili ndi masamba 9. Tinayesa kukopera la bungwe lalikulu, la masamba ochuluka, koma palibe amene analiwerenga, ndipo kukhala ndi lamulo lolembedwa limene simulitsatira kumakutsutsani pamaso pa ofufuza.

Chinanso chimene ndinaphunzira n'chakuti tisadalire ofufuza akunja kuti ndiwo adzatipezera vuto. Bungwe la akatswiri ofufuza chinyengo la Association of Certified Fraud Examiners limatulutsa lipoti zaka ziwiri zilizonse lokhudza chinyengo cha pantchito. La mu 2024 linasonyeza kuti milandu 43 pa 100 iliyonse inadziwika chifukwa wina anaulula, ndipo oulula ambiri anali antchito anzawo, pamene yodziwika kudzera mwa ofufuza akunja sinafike ngakhale 5 pa 100. Pafupifupi theka la milanduyi linatha miyezi 12 kapena kuposerapo lisanadziwike. Kwathu munthu woulula analipo, ndipo anandiuza kawiri, koma analibe kwina kopita ine nditakana kumva. Lero wantchito aliyense ali ndi nambala ya wapampando ndi ya a msungichuma, ndipo zinalembedwa kuti akhoza kuwafikira osadzera kwa ine, popanda kuopa kuchotsedwa ntchito.

Mayeso enieni anabwera patatha chaka. Wopereka wina anachedwanso, malipiro anakwana, ndipo mu akaunti ya thandizo latsopano munali ndalama. Mtima wanga unabwerera komwe kuja, ndi mawu omwe aja, oti ndi masabata awiri okha. Ndinapita kwa mayi aja. Sanakweze mawu. Anangoti, "Bwana, ndikhoza kulowetsa, koma a msungichuma akafunsa ndiwauza kuti n'za chiyani." Ndinabwerera pa mpando wanga. Madzulo ake ndinaitana antchito onse n'kuwauza zoona, kuti malipiro a awiri achedwa ndipo chifukwa chake n'chakuti. Wapampando analankhula ndi mwini nyumba kuti atidikire. Kunali kowawa, ndipo mmodzi mwa awiriwo anavutika ndithu masiku amenewo. Kuchokera pamenepo bodi inagwirizana kuti pa zopereka zimene eni ake sanaziikire ntchito yapadera tizipatula kagawo mwezi uliwonse, mpaka titakhala ndi zokwanira kulipira antchito miyezi itatu popanda kuyang'ana ku ndalama za polojekiti. Sitinafikebe pa miyezi itatu, koma mwezi umodzi ndi theka ulipo.

Ndalama zija tinazibweza pang'onopang'ono. Tinalembera ofesi ija kuvomera zolakwa, tinatumiza mapepala ena amene tinatha kuwapeza kwa ogulitsa ndi kwa anthu amene anabwera ku maphunziro, ndipo zina mwa zokanidwa zinavomerezedwa. Zotsalazo anatilola kubweza m'zigawo. Sitinapeke lisiti ngakhale limodzi, ngakhale kuti alipo amene anatinong'oneza kuti n'zotheka. Kusowa kwa pepala ndi kulakwa kobweza ndalama, koma pepala lopeka ndi mlandu wa kukhoti.

Mayi aja akadali nafe. M'zaka zonse zoyambirira sanapiteko ku tchuthi choposa masiku awiri, chifukwa popanda iwo palibe chikanalipidwa, ndipo ife tinkaona ngati ndi kudzipereka. Chaka chatha anapita masabata atatu athunthu. Asananyamuke anapereka makiyi a bokosi kwa mlembi, onse awiri anawerenga ndalama n'kusaina, banki inapatsa mlembiyo chilolezo chakanthawi cholowetsa malipiro ndi pasiwedi yakeyake, ndipo mwezi umenewo pepala lofananiza anakonza ndi munthu wina. Linagwirizana ndi sitetimenti. Atabwerako anatsegula faelo, anayang'ana siginecha ya a msungichuma pansi pa tsambalo, n'kufunsa ngati invoisi ya magetsi yafika.